Masiku Anayi Ojambula Don Ulpiano

Fabián anatsika basi ku San Roque Lachitatu masana atavala jekete. Jekete! Kwathu kuno ngakhale abuluzi amathawira pamthunzi. Nditamuona thukuta lili kamukamu, zikwama za kamera zili lendelende mapewa onse awiri, ndinangoti mumtima, Yuranis, mavuto awa wadziitanira wekha.

Ntchito yanga ndi yojambula mawu. Mukaona anthu akujambula kanema, pambali pamaima wina wonyamula ndodo yaitali yokhala ndi maikolofoni kunsonga, mahedifoni ali kumakutu, nkhope ili ngati wamwa mankhwala owawa. Ameneyo ndi ine. Fabián ndiye mwini kamera. Tagwira limodzi zaka zisanu ndi chimodzi ku Bogotá, likulu la dziko lathu, kupanga makanema a zochitika zenizeni, opanda anthu azisudzo. Ntchito amaidziwa, ndisamunamizire. Vuto lake anaphunzira kwambiri.

Ndinamuitana chifukwa cha bambo anga. Don Ulpiano Barrios akhala akulengeza nkhani m'tauni yathu kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi. Njinga yakuda, chimkuzamawu chomangirira kutsogolo ndi malamba a chubu, batire ya galimoto pakaliyala. Maliro, ukwati, mbuzi yosowa, tsiku loti madzi atsekedwa, gule wa Loweruka, zonsezi zimadutsa pakhosi pawo. Ndiye pakhosi pomwepo dokotala anapezapo kachotupa. Anati opaleshoni ndi Lolemba kuchipatala cha mumzinda wa Sincelejo. Za moyo tisade nkhawa, koma mawu aja, omveka mpaka kutsidya kwa mtsinje, tiwaiwale. Akadzachira adzakhala munthu wonong'ona.

Ine wojambula mawu a anthu a eni ake, a bambo anga ndinalibe ngakhale mphindi imodzi yomveka bwino. Zinandichititsa manyazi, zinandiwawanso. Tinali ndi masiku anayi okha, Lachinayi mpaka Lamulungu.

Madzulo a tsiku lomwe anafikalo tinakhala pakhonde, Fabián nʼkuyamba kuyala malamulo ake.

"Don Ulpiano, kanema wanga ndi wongoonerera. Palibe mafunso, palibe munthu wofotokoza kumbuyo, palibe nyimbo. Inu muzingochita zomwe mumachita masiku onse. Kamera osaiyang'ana. Ife mutiyese kulibe. Tikhala ngati nalimata pakhoma."

Mayi anga, Doña Etelvina, anali akumuthirira khofi kachitatu. Anaima ketulo ili m'manja.

"Nalimata amamwa khofi?"

"Nʼzimenetu ndimati ndinene, mayi. Kuyambira mawa, kamera ikamajambula musatipatse chilichonse."

"Pakhomo panga mlendo akhale kukamwa kuli gwaa? Anthu amve kuti kwa Etelvina kunafika munthu wochokera ku Bogotá, wowonda chonchi, nʼkubwerera chimodzimodzi? Mwanawe, usandichititse manyazi. Idya arepayo, ndi chikondamoyo chathu cha chimanga."

Bambo anangogwedeza mutu ngati munthu wamvetsa zonse. "Ndamva, bwana wakanema. Inu kulibe."

Lachinayi m'mawa tinawatsata wapansi. Sizovuta, bambo amapalasa njinga ngati akuperekeza ng'ombe yotopa. Fabián anali atasangalala ndi kuwala kwa m'mawa, akungonong'ona kuti taona fumbilo, taona mthunziwo. Titafika pamphambano yoyamba bambo anatsitsa phazi, anayatsa chimkuzamawu, chinalira tswii monga mwa nthawi zonse.

"Tcherani khutu, a San Roque! Wokhala ndi makutu amve, wopanda abwereke kwa mnzake! Kwabwera anthu akanema kuchokera ku Bogotá. Ali kumbuyo kwangaku. Wina ndi wajekete, winayo ndi mwana wanga Yuranis, mukumudziwa, wangonenepa pang'ono. Apempha kuti musawayang'ane! Ndikubwereza, musawayang'ane, muwayese kulibe! Wanena ndi Ulpiano, ndipo Ulpiano sanama!"

Mayo ine! Pasanathe theka la ola San Roque yense anali panja atavala za kutchalitchi. Azimayi opaka milomo akusesa pabwalo posesa kale. Wometa tsitsi anatulutsira mpando wake pamsewu, akumeta munthu wadazi, iye atamanga tayi. Ndipo onsewo anamvera lamulo. Palibe anayang'ana kamera. Makosi ali gwa, maso kumwamba, ngati tauni yonse ikudikira mvula.

Fabián anatsitsa kamera. "Don Ulpiano, mwalengezeranji?"

"Chinthu chachilendo chalowa m'tauni, ine ndikhale chete? Nanga ntchito yanga ndi chiyani?"

Ndinaseka mpaka ndodo kugwedera, koma m'mahedifoni munali chinthu chomwe sichinandiseketse. Mawu amene ndimamvawo sanali a bambo. Ataona kamera anayamba kuyankhula ngati owerenga nkhani pawailesi, kukoka mawu, kuwakometsera, kuwathira mafuta. Mawu omwe ndinakulira ine ndi okalipa pang'ono, othamanga, okhala ndi kaphwete kobisika kumapeto. Amenewo sanatuluke tsiku lonse, ndipo pofika madzulo pakhosi panali patayamba kusasa.

Lachisanu Fabián anadzuka atasintha chikhulupiriro. Munthu amene zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akundiuza kuti kanema wamafunso ndi wa anthu aulesi, anati, "Tiyese mafunso."

Anakhazika bambo pampando pansi pa mtengo wa mango, anawazunguliza uku ndi uku kufuna kuwala, ine ndinawamata kamaikolofoni kakang'ono pakolala. Bambo anakayang'ana ngati kachilombo.

"Kameneka kamveka kuti?"

"Kamveka kwa ine, bambo. Ingoyankhulani."

Ndiye tinazindikira chinthu chomwe mayi amachidziwa kalekale. Mukawalanda chimkuzamawu, Don Ulpiano ndi munthu wamanyazi ngati mkwatibwi. Anauma gwa pampandopo, manja pamaondo.

"Ntchitoyi munayamba liti?" anafunsa Fabián.

"Kale."

"Mungatiuzeko momwe zinayambira?"

"Zinangoyamba."

"Bodza!" anatero mayi pawindo la kukhitchini. "Chinali chaka chomwe mtsinje unasefukira. Anakwera padenga la sukulu nʼkumaitana anthu mayina kuti athawire kumtunda, pakamwa pokha. Chimkuzamawucho anachita kusinthanitsa ndi nkhumba yanga, mpaka lero sanandibwezere ngakhale mchira."

"Ndi nkhani iti yomwe inakuvutani kulengeza?"

"Zonse nʼchimodzimodzi."

"Maliro a mayi ake," mayi anatero, tsopano mawu atatsika. "Anazungulira tauni yonse osalira, anadzalirira kuseri kwa khola."

Fabián anatembenuza kamera msanga kuloza pawindo. Nthawi yomweyo pawindo panalibe munthu. Anatuluka patapita mphindi makumi awiri atavala diresi la maluwa ndi ndolo, anakhala pambali pa bambo, manja pamaondo. Fabián atawafunsa za chaka cha madzi osefukira anati, "Eya, kunali madzi."

Tsikulo tinapindula chinangwa chophika, nsomba yokazinga ndi makapu asanu ndi awiri a khofi. Mawu a bambo, ayi.

Loweruka ndi lomwe tinapalamula. Fabián anati pali njira ina, yoti munthu abwereze zomwe zinachitika kale, ngati sewero, koma pamalo enieni, ndi anthu enieni. Anapempha bambo kuti alengeze maliro ongoyerekeza.

Bambo anapukusa mutu. "Maliro sayerekeza, mwana wanga. Ndikatchula dzina pano, pomafika kunyumba ndipeza anthu asenza kale mipando ndi khofi."

"Chabwino, china chilichonse chomwe munalengezapo kale. Chimkuzamawu tizimitse."

"Chimkuzamawu chozimitsa ndi chidebe."

Anagwirizana za nkhumba ya gogo wina wa m'tauni yathu, Doña Casilda, yomwe inasowa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo ndipo sinapezeke. Bambo anati imeneyo si bodza, inasowadi. Tinapita kumsewu wa kumanda, komwe Fabián anati kulibe anthu. Ine ndiye wolakwa kwambiri, chifukwa ndikudziwa bwino kuti mphepo ya kumeneko imatengera mawu kumsika. Koma ndinkafunitsitsa mawu aja, ndinatseka pakamwa.

"Kwasowa nkhumba yaikazi ya Doña Casilda, yakuda, khutu lamanzere lodula, yapakati!"

"Zabwino," anatero Fabián. "Tibwerezenso, dzuwa linabisika."

Anabwereza. Kenaka galu anadutsa, anabwereza. Kenaka Fabián anafuna kujambula chakumbali, kenaka chapansi, kuti njinga ioneke yaikulu. Kasanu konse nkhumba ija inasowa, ndipo kasanu konse ndi mawu a pawailesi aja.

Tikubwerera tinakumana ndi anthu ali ndi zingwe ndi ndodo akusuzumira m'ngalande. Pakhomo pa Don Evaristo, wokonza maukonde, panali chikhamu. Pakati pake panaima Doña Casilda, wazaka makumi asanu ndi atatu, ndodo ili m'mwamba.

"Tuluka, Evaristo! Ndinanena chaka chomwecho kuti nyumba yako imanunkhira mafuta a nkhumba sabata yathunthu! Tsopano Ulpiano wayambanso kuifuna, ndiye kuti pali chomwe wamva!"

"Mayi inu, nkhumba imeneyo ikanakhala moyo bwenzi ikulandira penshoni!" anakuwa Don Evaristo ali mkati, chitseko atakhoma.

Anthu anali kugwa nʼphwete, Fabián akujambula mano onse ali pamtunda. Koma wina m'khamumo ananena mokweza, "Ndiye kuti nkhumba sinasowe lero? Ulpiano watinamiza?"

Ndinaona nkhope ya bambo ikugwa. Zaka makumi anayi ndi chimodzi, funso limenelo linali lisanafunsidwepo m'tauni muno. Anatembenuza njinga.

"Inu awiri pitani kunyumba. Musanditsate."

Tinakhala pakhonde masana onse. Chapatali ndinkawamva akuzungulira msewu ndi msewu, kufotokoza kuti nkhumbayo ndi yakale, kuti anangoitchula chifukwa cha kanema, kuti wolakwa ndi iwo, Doña Casilda ndi Don Evaristo awakhululukire. Ndipo anali mawu awo enieni! Okalipa, othamanga, aja ndinkawamva ndili m'kalasi nʼkumauza anzanga kuti awo ndi bambo anga. Ndinaloza ndodo yanga komweko, koma kunali kutali. Maikolofoni inangotola tambala wa aneba ndi mphepo.

Anabwera dzuwa likulowa, mawu atatha. Moni wokha anachita kukankha. Mayi anawapatsa madzi ofunda a uchi ndi mandimu, nʼkutiyang'ana ife ndi diso lomwe sindidzaiwala.

Fabián ndinamukokera kuseri kwa nyumba. "Wamva? Mawu a bambo anga wawathera pa nkhumba yakufa!"

"Yuranis, ndalephera. Njira zonse zomwe ndikudziwa ndayesa."

"Wayesa kubisala, wayesa kufunsa ngati wapolisi, wayesa sewero. Sunayese kukhala mlendo. Kuno munthu sabisala, Fabián. Ukafika umapereka moni, umamwa khofi, anthu amakuyang'ana mpaka maso akhute, kenaka amakuiwala okha."

"Ndiye kuti ine ndimveke m'kanema? Anthu aziyankhula ndi kamera?"

"Imeneyonso si njira? Si iwe unandiuza kuti ena amajambula choncho?"

"Ndinati amajambula choncho, sindinati ndi bwino."

"Vula jeketeyo," anatero mayi, omwe kaya anafika nthawi yanji. "Ukutitopetsa tonse."

Lamulungu anavuladi. Anatuluka ndi malaya a bambo a mizeremizere, manja ali oyera ngati chinangwa chosenda. Pamene bambo ankamangirira batire, iye anayamba kuyenda khomo ndi khomo kamera ili paphewa. Anapereka moni, anapepesa kwa Doña Casilda, analola wometa uja kusuzumira m'kamera, anamwa khofi paliponse pomwe anamupatsa mpaka manja kunjenjemera. Anthu anamuyang'ana, anamufunsa ngati ali pabanja, anamuseka miyendo. Pomatuluka m'tchalitchi anali atatopa naye. Ankangomulambalala ngati mtengo wa magetsi.

Bambo anali ndi nkhani imodzi yokha tsikulo. Mayi anawaletsa, anati dokotala ananena kuti apumitse pakhosi. Iwo analoza njinga, analoza msewu, nkhani inathera pomwepo.

Pamphambano yoyamba anayatsa chimkuzamawu. Sanayang'ane ngati tilipo. Ndikuganiza kuti mphamvu zokometsera mawu analibenso, zinangotsala zonena chomwe abwerera.

"Tcherani khutu, a San Roque! Wokhala ndi makutu amve, wopanda abwereke kwa mnzake! Kuyambira mawa njinga iyi siyendanso. Ndikupita ku Sincelejo, madokotala akufuna kuona chomwe chimandisokosetsa. Mbuzi zanu muzimanga, chifukwa wokufunirani palibe!"

Anali osasa, ong'ambika m'mbali, koma anali iwowo. Kaphwete kaja kanalipo kumapeto. Ndinayang'ana timagetsi ta makina anga tikuvina, ndinagwira ndodo ndi manja awiri, mtima ukugunda mpaka ndinaopa kuti ulowa m'maikolofoni. Ndinawapeza. Pamphambano yachiwiri ndinawapezanso, yachitatu chimodzimodzi, ngakhale ankachepera chepera.

Tinafika pabwalo la pakati pa tauni, pomwe anthu ochokera kutchalitchi anali ataunjikana pamthunzi. Bambo ananena uthenga wawo mpaka pa mbuzi paja, anthu anaseka. Anakoka mpweya.

"Wanena ndi Ulpiano…"

Basi. Pakamwa pankayenda koma chimkuzamawu chinkangotulutsa mphepo. Anayesanso, anagwira pakhosi. Bwalo lonse linati zii. M'mahedifoni ndinkamva unyolo wa njinga ukugogoda ndi mpweya wa bambo anga.

Lamulo loyamba la ntchito yanga ndi lakuti maikolofoni sichoka pa munthu amene mukumujambula. Sindikudziwa chinandigwira, ndinatembenuza ndodo kuloza kwa anthu. Nthawi yomweyo kamawu kakuthwa ka nkhalamba kanang'amba bata lija. Anali Doña Casilda.

"Ndipo Ulpiano sanama!"

"Sanama!" anavomera Don Evaristo kumbali ina ya bwalo. Kenaka bwalo lonse, azimayi, azibambo, ogulitsa madzi oundana, wansembe ali pakhomo la tchalitchi, onse pamodzi mpaka timagetsi tanga tinafiira: "Ndipo Ulpiano sanama!"

Bambo anavula chipewa, anachivalanso, anakwera njinga. Kunali kutatsala misewu isanu ndi umodzi, ndipo Don Ulpiano sasiya msewu. Pamphambano iliyonse ankaima, kuyatsa chimkuzamawu kuti chilire tswii, anthu omwe ankawatsata nʼkunena uthenga wonse m'malo mwawo, kuyambira pa makutu obwereka mpaka pa mbuzi. Iwo ankangowongolera ndi chala ngati wotsogolera kwaya, wina akalakwitsa amamuloza. Wometa uja anawonjezera zake, anati ometa alipobe mawa, bambo anamuopseza ndi pampu ya njinga.

Ine ndinalira msewu wonse, osabisa. Nditacheuka ndinaona bwana wa kanema wongoonerera akufwenthera, kamera ikugwedera paphewa.

"Chithunzi chikunjenjemera," ndinamuuza.

"Ndi khofi," anatero.

Opaleshoni inayenda bwino. Bambo anabwera patatha masiku asanu ndi anayi, ndipo monga ananenera dokotala, tsopano amanong'ona. Kuti muwamve mumachita kuweramira, zomwe mayi akuti nʼzabwino chifukwa zaka zonsezi ankawamvera limodzi ndi tauni yonse.

Kanemayo tinamulumikiza miyezi inayi. Tinakangana kwambiri, poti Fabián ankafuna kuchotsa tsiku loyamba lija ndi nkhani ya nkhumba. Ndinakana. Zonse zinalowa: makosi ouma oyang'ana kumwamba, mayi akuthawa pawindo, Doña Casilda ndi ndodo yake, mawu a Fabián akupepesa, ndi chithunzi chogwedera cha kumapeto. Anzake a ku Bogotá atamufunsa kuti kanemayu ndi wa mtundu wanji, anati sakudziwa, akafunse apongozi ake a nalimata. Fabián amawatcha choncho mayi anga mpaka lero, ngakhale palibe chibale.

Tinakamuonetsa ku San Roque pa khoma la tchalitchi, dzuwa litangolowa. Aliyense anabwera ndi mpando wake. Ine ndinakhala pambali ndi makina a mawu, bambo ali pafupi nane, chipewa pamaondo. Anthu anaseka, analozana, Don Evaristo anaimirira kuti aliyense amuone pomwe chitseko chake chinaoneka. Kenaka panafika Lamulungu lija. Njinga inaima pamphambano yoyamba, chimkuzamawu chinalira tswii, ndipo mawu a Don Ulpiano anatuluka m'masipika, osasa, othamanga, awo enieni.

Ndinawayang'ana cham'mbali. Sanaphethire. Anamvetsera mpaka pa mbuzi paja, kenaka anandikoka khutu monga ankachitira ndili mwana, anabweretsa pakamwa pafupi.

"Kweza," ananong'ona. "Akutsidya sakumva."

Ndinakweza mpaka pamapeto.